Kubereka Amake Tisa Mpaka ku Katete

Mu komboni ya George yonse kuno ku Lusaka, kuyambira pa kiyosiki ya madzi mpaka pamene maminibasi amatembenukira, palibe munthu amene anandidyerapo masuku pamutu. Ine ntchito yanga ndi ya ku Kamwala, kugulira anthu katundu kwa eni mashopu amene analumbira kuti satsitsa mtengo, ndipo kwa ine amatsitsa. Choncho pamene ndinauza anzanga kuti ndipita ku Katete pa mthuthuthu, mkazi ali kumbuyo, n'kukafika ndili wosalala ngati ndangodzuka pa sofa, sindinkadzitama ayi. Ndinkangonena zimene ndinakonza.

Mthuthuthuwo ndinaupeza pa galaja ina ku Marapodi. Mwini wake anali mzungu wachikulire amene anauyendetsa kudutsa mayiko ambiri, mpaka bondo linamukana atafika mu Lusaka, iye n'kukwera ndege. Musaganize za tinjinga tija timanyamula anthu mu komboni. Ichi ndi chinthu chachitali ngati ng'ombe ya pangolo, cha mabokosi achitsulo m'mbali, ndipo pa mabokosipo anamatapo timbendera ta mayiko amene ena sindidziwa n'komwe kuti ali mbali iti ya dzuwa. Milungu itatu ndinkapita kukakhala pa galajapo, masana kuunyoza mthuthuthu pamaso pa wogulitsa, ndikabwerera kunyumba n'kumaulota. Tsiku limene anatopa nane n'kutsitsa mtengo, makaniko ndiye anauyendetsa mpaka ku George, mwiniwakene ndili kumbuyo, chifukwa miyendo yanga siinkafika pansi.

Ndinaika buloko la simenti pakhomo loti ndizikwererapo. Azimayi a pa kiyosiki ankasiya zigubu zikusefukira kuti aone ndikukwera.

Mkazi wanga, amake Tisa, amakazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Iwo chimene ankafuna ndi firiji yaikulu yosungira nkhuku ndi nsomba.

"Batate Tisa, ichi chinthu chidya mafuta, chidya malo, manje chayamba kudya na nzeru zanu. Gulitsani tigule firiji."

"Bamake Tisa, ichi chachokera kutsidya kwa nyanja."

"Na mwini wake, ee. Imwe simungafike nacho na pa Chongwe."

Ulendo wa ku Katete sunali wa masewera. Apongozi anga aakazi anatisiya chaka chathachi, ndipo abale anagwirizana zomanga chiliza pamanda awo akatha kukolola. Pa maliro paja amake Tisa anafika mochedwa. Basi inawafera panjira, anapeza manda atatseka kale. Kuyambira pamenepo tulo tawo tinangosanduka ta nkhuku. Azing'ono awo onse anali atawalota amayi, wina akuti anabwera akuseka, wina akuti anapempha fodya wa mphuno. Kwa amake Tisa okha sanabwere. Sankanena zambiri, koma ndinkadziwa kuti akuganiza kuti amayi anawasungira chakukhosi.

Ndiye tinapangana. Tipita pa mthuthuthu, ndipo woyamba kunena kuti "tikwere basi" waluza. Akanena iwo, njinga ikhala. Ndikanena ine, njinga ipita, firiji ibwera. Anavomera mosavuta, ndipo ine ndikanayenera kuchenjera pomwepo. Munthu amene amakhala pa kireti ya mabotolo kuyambira m'mawa mpaka madzulo sungapikisane naye pa kukhala.

Ndinayamba kuikonza njinga kuti indiyenere. Wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi kwathu anakweza mahandulo kuti ndisamawerame ngati ndikupalira. Galasi lotchinga mphepo tinalipendeketsa mpaka mphepo inasiya kundimenya pachipumi. Sipuling'i ya kumbuyo tinaikunga kuti inyamule anthu awiri, ndipo pa bokosi la kumbuyo ndinamangirira kapilo koti amake Tisa azitsamira. Zonsezi zinagwira ntchito, ndinene chilungamo. Chinatsala ndi mpando.

Mpandowo ndinaunyamula pa minibasi kupita nawo ku Kalingalinga, kumene masofa amapangidwira m'mbali mwa msewu. Anandilozera kwa Ba Sakala, bambo wa imvi, wa pensulo kukhutu, amene sathamangira kuyankha.

"Mufuna kufika nayo kuti?"

"Katete."

Anakoka chidutswa cha siponji ya zinyenyeswa zamitundumitundu zomatidwa pamodzi, yolimba ngati chikanda. "Ndiye tiike iyi."

Ine maso anga anali kale pa ina yoyera, yofewa ngati buledi wotentha. Ndinaidina ndi chala, chala chinamira chonse.

"Iyo ni ya sofa, bosi," anatero Ba Sakala. "Pa sofa munthu ankhala pang'ono, anyamuka kukatunga madzi, abwera. Pa njinga simunyamuka."

Tsono ku Kamwala tili ndi lamulo limodzi: chimene wogulitsa akuchitamanda ndi chimene chamutsalira. Ndinaona kuti mkuluyu akufuna kundigulitsa zinyalala za m'shopu mwake. Ndinamwetulira kumwetulira kwanga kuja kwa pa ntchito.

"Ba Sakala, ine nine mwana wa mu tauni. Kutsogolo ikani yoyera. Ndipo mudule mpando utsike, miyendo izifika pansi."

"Tikadula apa, pansi pali pulasitiki, ili na mzere pakati."

"Dulani."

"Kumbuyo?"

"Kumbuyo ikani chikanda chanucho."

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinawerengera kuti amake Tisa akakhala pa chinthu cholimba chija, pofika pa Rufunsa adzakhala ataitana basi ndi dzina lake. Ba Sakala anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga mpeni n'kuyamba kusema mbali ya kumbuyo, kuikuza m'mbali, pakati kupakumba pang'ono ngati mbale. Ine sindinawatume zimenezo.

"Ba madamu alibe mulandu," anatero, osadzutsa mutu.

Mtengo ndinawatsitsa mpaka anagwira pamutu. Ndinachokapo ndikuimba.

Tinanyamuka kukungocha. George anali asanayambe phokoso lake, utsi wa mbaula unali utagona pamwamba pa malata ngati bulangete lopyapyala. Miyendo yanga inkafika pansi, buloko ndinalikankhira kumbali ndi phazi kuti oona aone. Tinadutsa Matero, tinalowa mu msewu waukulu wa kum'mawa, ndipo titapitirira Chelstone dzuwa linatuluka kutsogolo kwathu kwenikweni, lofiira, lalikulu, ngati likutidikirira pamapeto pa phula. Injini inkang'ung'udza pansi panga. Siponji inali itandikumbatira. Ndinayamba kuona timbendera ta pa bokosi tija m'maganizo, ine ndikudutsa malire amodzi ndi amodzi, asilikali akundifunsa kuti George ili dziko liti.

Pa Chongwe ndinathira mafuta.

"Bamake Tisa, iyi ni Chongwe imene munakamba ija. Niimirire niijambule?"

Anangoyasamula.

Titayenda pang'ono ndinamva go! Chisoti chawo chagunda changa. Kenako go! Mtima wanga unavina. Ndinati chikanda chayamba ntchito, akufuna kundiimitsa. Ndinachepetsa liwiro kuti ndimve bwino mawu awiri aja a basi, koma kunali zii. Chisoti chinangotsamira paphewa langa n'kukhala pomwepo, cholemera.

Nthawi yomweyo ndi pamene ndinazindikira kuti buledi wanga watha. Siponji yoyera ija inali itaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa ndi minibasi, ndipo mzere umene ananena Ba Sakala unali utandipeza. Komabe ndinali ndi mankhwala. Pa foni ndinaonera kuti oyendetsa njinga zoterezi amaimirira pa zopondera, njinga ikuthamanga. Ndinaimirira. Abale, kukoma kwake! Magazi anabwerera kwawo, mphepo inadzaza jekete, mapiri a kutsogolo anali obiriwira ngati utsi, ndipo ndinkaona pamwamba pa udzu mpaka kutali kumene kulibe nyumba. Ndinati, ngati zili choncho, ndiimirira mpaka ku Katete.

Pa kona ina ndinamva njinga ikukokera kumanzere. Poyang'ana pa galasi, amake Tisa apendekera kunja ngati thumba losamanga bwino, manja ali lende. Anali m'tulo. Munthu amene sanagone bwino chaka chathunthu anali m'tulo pa msewu wa malole.

Ndinaima tisanafike pa Rufunsa, pamene panali matumba a makala m'mbali mwa msewu. Ndinatembenuka kuti ndiwadzutse amake Tisa. Mayi wogulitsa makalawo, wa duku lakuda ndi fumbi, anabwera n'kutizungulira kamodzi.

"Muwautse bwanji? Mwana akagona pa ulendo saamuutsa. Amamanga."

"Amayi, uyu si mwana. Ni madamu."

"Tulo tilibe zaka. Chitenje chilipo?"

Amake Tisa, maso ali otseka theka, anapisa m'chikwama n'kutulutsa chitenje chakale chobiriwira, chofwifwa m'mphepete. Ndinachizindikira. Chinali cha apongozi, chimene anapatsidwa pogawa zovala. Mayi uja anachizunguliza kumsana kwawo, kuchidutsitsa m'khwapa mwanga, n'kumanga mfundo pachifuwa panga, yomweyo imene amamanga azimayi. Anaikoka kawiri kuti aone ngati yagwira.

"Muziyenda pang'onopang'ono, mwabereka."

Dalaivala wa lole ina imene inaima pogula makala anatulutsa mutu pawindo. "Mudala, akalira mumuyamwitse!"

Ndinamukwezera dzanja ngati munthu wosadandaula. Ndi pamene tinabwerera pa phula pomwe ndinazindikira chimene mfundo ija yandichita. Womangidwa ndi mnzake saimirira. Ngakhale kusuntha chala chimodzi kutsogolo kapena kumbuyo sizinkatheka. Ndinali nditakhomeredwa pa mzere wa Ba Sakala.

Ululu wa pa mpando umabwera ndi ulemu. Umayamba ngati kutentha, ngati wakhala pa mwala wa padzuwa. Kenako umasanduka mpeni wobuntha. Kenako umachoka, n'kusiya dzanzi, ndipo umaganiza kuti wachira, osadziwa kuti wangopita kukaitana abale ake. M'mapiri a Manenekela, msewu ukupindika uku ndi uku, ndinaona anyani atakhala m'mbali mwa phula, phee, pamiyala yeniyeni, akutiyang'ana. Ndinawasirira. Amenewo Mulungu anawaikira siponji yolimba kuyambira pachiyambi, ndipo sanakangane naye mtengo.

Koma kumsana kwanga kunali mtendere umene sindinaumvepo. Mpweya wawo unkakwera ndi kutsika pamodzi ndi injini. Kutentha kunkachuluka pamene tinkatsikira ku chigwa, mitengo inali itayoyola masamba, ndipo kutali phula linkanyezimira ngati madzi amene sufikapo. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndine ndani mwa awirife amene akulota.

Pa Luangwa tinapeza mzere wa malole ukudikira kuwoloka mlatho. Tinaima pa msika, pamene pamanunkhira nsomba zouma ndi madengu atsopano. Ndinamasula mfundo. Kutsika kunanditengera nthawi, ndipo nditaponda pansi ndinayenda ngati munthu amene wabwereka miyendo. Ndinanamizira kuti ndikuyang'ana matayala.

Amake Tisa anavula chisoti. Nkhope yawo inali ndi mizere ya tulo, maso akuyang'ana kuseri kwa ine.

"Batate Tisa, nawaona."

"Ndani?"

"Amayi. Bali pa njira ya ku dimba, khasu pa phewa. Bayenda kutsogolo, ine nibwera kumbuyo. Niitana, sibacheuka." Anapukuta m'maso ndi kansonga ka chitenje. "Ninali pafupi kubagwira pamene munaima."

Ndinagula nsomba yokazinga, tinadya titaimirira, ine ndikunena kuti kuimirira kumathandiza chakudya kutsika. Pafupi nafe panaima basi yaikulu, chitseko chili chotsegula. Ndinkaona mipando yake, yaitali, ya nsalu zamaluwa, makatani akugwedezeka. Kondakitala ankakuwa kuti Katete, Chipata, malo alipo. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati mpando wachitatu wa kumanzere wa basi imeneyo. Mawu awiri aja anachoka m'mimba, anakwera pakhosi, anafika pa lilime. Ndinayamba kuganiza kuti firiji nayo ndi chinthu chabwino, munthu utha kumakhalapo pamwamba, pozizira.

Ndinatsegula pakamwa. Amake Tisa anandigwira mkono.

"Tiyeni. Kapena sibanafike patali."

Anali atatambasula kale chitenje. Nthawi ino anamanga okha mfundo, manja awo akudutsa m'khwapa mwanga, ndipo tisanamalize kuwoloka mlatho chisoti chinali chitabwerera paphewa.

Za Kacholola sindikumbukira kanthu, kupatula kuti ndinapemphera m'zilankhulo zitatu.

Pa Nyimba, kumene nthochi zimachuluka kuposa anthu, ndinaima pansi pa mtengo osazimitsa injini, kuopa kuti tulo tingaduke. Apa pokha kudula mpando kunandithandiza, chifukwa mapazi onse awiri anali pansi. Azimayi a nthochi anatithamangira, mabeseni ali pamutu. Ndinaika chala pakamwa, n'kuloza kumsana. Anaima n'kuyamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Mmodzi anatsitsa beseni, ndipo pamutu pake panatsala nkhata. Inali ya masamba ouma a nthochi, yopota molimba, yokulungidwa ndi kansalu, pakati pali bowo. Ndinaiyang'ana ngati mmene ndinkayang'anira njinga ku Marapodi.

"Amayi," ndinanong'ona, "nigulitseni iyo."

"Nthochi?"

"Nkhata."

Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana mmene ndakhalira, n'kumvetsa zonse. Poseka anatchula mtengo woti ungagule nkhuku. Ndinapisa m'thumba n'kumupatsa.

Mayi uja anachita ngati wakhumudwa. "Ah, atate, simunenererako?"

"Amayi, lelo Kamwala yatseka."

Kuiika pamalo pake inali ntchito ya anthu atatu. Awiri anagwira amake Tisa m'mapewa kuti asagwedezeke, ine ndinadzikweza pang'ono chabe, mwini nkhata n'kuilowetsa mwaluso ngati akuika dzira pansi pa nkhuku. Nditakhalanso, misozi inatuluka yokha. Ululu sunathe, koma unasamukira kwina, ndipo pa nthawi imeneyo kusamuka kunali ngati kukhululukidwa. Anandiikira nthochi ziwiri m'jekete, zaulere. Ndikuganiza kuti chikumbumtima chinamugwira.

Kuchoka apo ndinayenda ngati ndasenza beseni lodzaza madzi. Dzenje lililonse ndinkalizungulira, pa mabampu ndinkakwera ngati ndikupempha chilolezo. Njinga imene inapangidwira kuuluka m'zipululu inkapitiriridwa ndi maminibasi odzaza matumba. Tinadutsa mphambano ya ku Petauke dzuwa litatembenukira kumsana. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbuu, utsi wa lupsa ukukwera mowongoka kutali, ngolo za ng'ombe zikuyenda m'mbali mwa msewu ngati sizikupita kulikonse. Mthunzi wathu unatalika kutsogolo, munthu mmodzi wa mitu iwiri. Chapafupi ndi Sinda ndinamva kunjenjemera pang'ono pakati pa mapewa anga. Ndinayesa injini. Anali amake Tisa, akung'ung'udza kanyimbo m'tulo.

Ine ndinkabuula m'chisoti mwanga, poganiza kuti m'chisoti ndi m'nyumba ya munthu.

Tinafika dzuwa lisanalowe. Abale anatuluka, anaona mkamwini wa ku Lusaka atabereka mkazi wake, ndipo kwa kanthawi palibe anadziwa ngati alire kapena aseke. M'mawa mwake kumanda anthu onse anakhala pansi. Ine ndinagwada, kuyambira pemphero loyamba mpaka lomaliza. Mpaka lero ku Katete amati sanaonepo mkamwini waulemu chotero.

Pobwerera kumanda tinatsalira kumbuyo awiri. Amake Tisa ankayenda pang'onopang'ono kuti ndiwapeze.

"Ninabagwira," anatero.

"Banakamba chani?"

"Kulibe. Banacheuka, banaika khasu pansi, banawerama. Nakwera. Banamanga chitenje, tayamba kuyenda. Nimvera chabe msana wao utentha, na mawu yao yabwera kupitira mu msana, monga kale. Koma banali kubuula maningi. Mayo, mayo, njira yonse. Ninati, amayi, nalema? Bati, iyayi mwana wanga, gona."

Ndinayang'ana kumbali, kumene kunalibe chilichonse choyang'ana.

"Kuchokera pa Nyimba munalira, Batate Tisa. Nenze kumvera. Na nkhata naiona." Anamwetulira koyamba m'chaka chonse. "Koma basi simunaitchule. Njinga inkhale."

Ndinatsala pang'ono kudumpha, thupi lokha linakana. Ndinayamba kufotokoza kuti tikangofika ku Lusaka ndipita kwa Ba Sakala, achotse buledi uja, aike chikanda kutsogolo konse, andiseke mmene angafunire.

"Iyayi."

"Bwanji?"

"Mukaika yolimba muzakwera. Msana wanu siuzankhala pamene unali. Amayi bapadziwa apa pamene." Anandisisita pakati pa mapewa. "Musagwireko kanthu."

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinapempha theka, ndinapempha chala chimodzi chokha cha siponji, ndinachita ngati ndikuchokapo. Nkhata yokha ndiyo anailola, poti inalipo kale.

Lero mthuthuthu uli pakhomo, timbendera take tikuwala, firiji kulibe. Amake Tisa amagona bwino masiku ambiri, koma tulo tikavuta amatulutsa chitenje chobiriwira Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo George yense amatuluka kudzaona ndikumangidwa mfundo pachifuwa, ulendo wa ku Chongwe ndi kubwerera, pa liwiro la ngolo. Tsiku lina tinadutsa pa Kalingalinga, Ba Sakala anaona nkhata ikusuzumira pansi panga, anachotsa pensulo kukhutu n'kundiperekera sawasha.

Pangano linati woyamba kutchula basi waluza, ndipo ine sindinaitchule. Njinga ndi yanga, makiyi ali m'thumba mwanga, nkhaniyi ndailemba nditaimirira. Inu mukuti anapambana ndani?